Kutsatira Cilolezo Comangira Chalichi mu Lusaka

Mzinda wa Lusaka unayamba ngati kasiteshoni ka njanji. M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone inafika pa malo athyathyathya odzala miyala yoyera, pafupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka, ndipo azungu anapatsa kasiteshoniko dzina la mwini mudziyo. Mu 1931 boma la atsamunda linaganiza zocotsa likulu la dziko ku Livingstone, ndipo katswiri wina wa ku London, Professor Stanley Adshead, anajambula mzinda watsopano pa pepala. Likulu linasamukadi mu 1935. Pulani ya katswiriyo inali ndi misewu yotakata, mitengo m'mbali mwa misewu, ndi nyumba zokhala pakati pa mabwalo aakulu. Mpaka lero munthu akayenda ku Ridgeway kapena ku Rhodes Park nthawi imene majakaranda acita maluwa, amaona cimene wojambulayo anali naco m'mutu.

Koma pulaniyo inasiyira anthu akuda malo ocepa, popeza boma la nthawiyo linkawaona ngati alendo odzagwira nchito, amene tsiku lina adzabwerera kumidzi kwao. Iwo sanabwerere. Ena anapatsidwa nyumba ku Kabwata, ndipo pambuyo pake ku Chilenje ndi ku Matero, koma ambiri anadzimangira tinyumba pa mafamu a azungu ndi pa misasa ya makampani omanga. Maina a makomboni athu amatikumbutsa mbiri imeneyi. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga, ndipo akuluakulu amati dzina la Misisi linacokera kwa dona wina mwini famu. Pa kalembera wa 2022 mzinda wa Lusaka unapezeka ndi anthu 2.2 miliyoni, ndipo ambiri a iwo amakhala m'malo amene anayamba popanda pulani.

Ife amene tilemba nkhaniyi ndife a komiti ya zomanga pa nthambi ina ya parishi kumadzulo kwa mzinda. Kwa zaka zambiri tamvera Misa m'kalasi ya sukulu, akulu atapinda maondo pa timadesiki ta ana, acinyamata ataima panja pa mazenera. Miphakati yathu inasonkha ndalama pang'onopang'ono, ena pogulitsa zitumbuwa, ena popereka thumba la simenti, kufikira tsiku limene akhristu anati nthawi yomanga yakwana. Anatisankha anthu asanu kuti tifunefune malo ndi cilolezo. Ulendo umene tinayenda tikuufotokoza pano, popeza tidziwa kuti nthambi zambiri zili ndi maganizo onga athu.

Khomo loyamba ndi la Mpingo

Tisanapite ku ofesi iliyonse ya boma, Bambo Mfumu anatikhazika pansi natikumbutsa kuti Mpingo nawonso uli ndi dongosolo lake. Lamulo la Mpingo nambala 1215 limaletsa kumanga chalichi popanda cilolezo colembedwa ca Episkopi wa dayosizi. Asanavomere, Episkopi amafunsa maganizo a bungwe la ansembe ndi a oyang'anira machalichi oyandikana nawo, ndipo amafuna kukhutira kuti chalichi catsopanoco cidzathandizadi anthu ndi kuti ndalama zomangira ndi zocisamalira sizidzasowa. Motero kalata yathu yoyamba inapita kwa Ambuye Arkiepiskopi kudzera mwa Bambo Mfumu.

Bambo anatiuzanso mau amene ena a ife anawamva koyamba tsiku limenelo, akuti malo a chalichi salembedwa m'dzina la cheyamani, kapena la katekisti, ngakhale la wansembe amene. Amalembedwa m'dzina la dayosizi. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Munthu amamwalira, ndipo pa maliro pamabwera abale amene sadziwa mbiri ya malowo. Iwo akaona dzina la malemu pa cikalata, amaliwerengera pamodzi ndi nyumba, njinga ndi mipando.

Mbiri yakuti Akatolika afuna malo inafala msanga. Tsiku lina kunabwera munthu wina wodziwika m'dera lathu, amene amadzicha wogawa mapuloti, natisonyeza malo aakulu okongola pa mtengo wotsika. Tinamufunsa za zikalata, ndipo iye anaseka nati, "Akulu a mpingo, musadzivute ndi maofesi. Kalata yanga ndi yokwanira. Mulungu ndi boma adzamvana okha." Amai ena a bungwe la Anna Woyera, amene ndiwo asungacuma athu, anamuyankha mofatsa kuti, "Bambo, ndalama izi si zathu. Ndi za amai amasiye ogulitsa tomato pa msika. Tipatseniko nambala ya puloti, tikafunse kaye." Anatipatsa nambalayo monyinyirika. Sabata yomweyo banja lina lacikhristu linatiuza kuti lili ndi malo ocepera pamenepo, a mtengo wokwererapo, koma okhala ndi cikalata ca umwini, cimene ambiri amati taito. Tinalemba manambala onse awiri pa pepala limodzi, ndipo Lolemba m'mamawa tinakwera minibasi.

Pa miyala ya Kanyama

Wocokera kumadzulo polowa m'tauni amadutsa m'mphepete mwa Kanyama, ndipo amene ali ndi maso angaphunzire zambiri pa zenera la basi. Miyala yoyera imatuluka pansi ngati misana ya ng'ombe zogona. M'mbali mwa msewu muli amai okhala pa dzuwa, nyundo kumanja, akuphwanya miyalayo ndi kuiunjika timilumilu toyembekeza ogula. Mwala umenewu ndi wa laimu, mtundu womwewo umene fakitale ya ku Chilanga, yokhazikitsidwa mu 1949, imaocha popanga simenti. Nyumba zambiri za mu Lusaka zamangidwa ndi mwala umene zakhalapo.

Mwalawu uli ndi khalidwe lake. Madzi amaudya pang'onopang'ono, ndipo pansi pamakhala ming'alu ndi mapanga mmene madzi amayenda mofulumira popanda dothi lokwanira lowasefa. M'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pamwamba, ndipo popeza dzikolo ndi lathyathyathya, alibe kothawira. Akulu amakumbukira cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978, pamene nyumba zambiri za njerwa zosaocha zinagwa ndipo anthu anasowa pogona. Coopsa cina n'cakuti cimbudzi cokumba ndi citsime zikayandikana pa mwala wotere, zimene zalowa m'cimbudzi zimafika m'citsime. Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anavuta kwambiri m'madera amenewa, ndipo wa mu 2023 ndi 2024 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la National Heroes linasanduka cipatala. Panalibe mmodzi mwa ife asanu amene sanapiteko ku maliro nthawi imeneyo. Mafunso ambiri amene tinadzafunsidwa ku khonsolo anali ndi mizu yake m'miyala yomweyi.

Tinatsikira pa City Market, pakati pa phokoso la angwangwazi ndi mawilibala, ndipo tinayenda pansi kufika mu Cairo Road. Kumapeto kwake kwa kumwera kwaima Findeco House, ndipo pamenepo mpamene pamayambira Independence Avenue. Msewu umenewu umakwera mlatho wodumpha njanji, ndipo munthu akaima pa mlathopo amaona mizinda iwiri. Kumbuyo kwake kuli tauni ya malonda ndi makomboni a kumadzulo, kutsogolo kuli mtunda umene atsamunda anasankha kuti amangepo maofesi ao, kutali ndi madzi a m'dzinja. Tinadutsa Kamwala, tinadutsa cipilala ca Ufulu, cosonyeza munthu wodula unyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974, ndipo tinapitirira kukwera mpaka ku Mulungushi House, kumene kuli Unduna wa za Malo.

Ku Mulungushi House

Pa mabenchi a ofesi imeneyi pamakumana anthu a mitundu yonse: maloya a masuti, alimi a ku Chongwe, amai amasiye ofungatira maenvulopu akale, ndi anyamata otumidwa ndi mabwana ao. Aliyense ali ndi ufulu wolipira ndalama yocepa kuti aone zimene zinalembedwa m'kaundula za puloti iliyonse yokhala ndi nambala. Pepala limene amakupatsani limasonyeza mwini wake, kukula kwa malo, ndiponso ngati malowo ali pa cikole ku banki kapena ngati wina anaikapo ciletso cifukwa ca mlandu.

Tili ciyembekezere, a katekisti anatikumbutsa za mneneri Yeremiya, amene anagula munda wa mbale wake ku Anatoti pamene adani anali atazinga Yerusalemu. Anayeza siliva pamaso pa mboni, analemba zikalata ziwiri, cina comata cina cosamata, ndipo analamula kuti ziikidwe mu mbiya kuti zikhalitse. Anatikumbutsanso za Abrahamu, amene anakana kulandira manda a Sara mwaulere, nalipira masekeli 400 pamaso pa eni dziko. Tinaona kuti kufuna mboni ndi zikalata pa nkhani ya malo si kucepa cikhulupiriro ayi.

Mapepala athu atatuluka, tinakhala cete. Malo okongola otsika mtengo aja anali ndi mwini wake, amene anali atawaika pa cikole ku banki. Dzina la wogawa mapuloti uja silinapezeke paliponse. Malo a banja lija anali m'dzina la bambo wa banjalo, opanda ngongole ndi opanda mlandu. Amai asungacuma anapinda mapepala onse awiri bwinobwino nati, "Safunsa anadya phula."

Ndi bwino kuti awerengi adziwe cimene munthu amagula akagula malo mu Zambia. Kuyambira mu 1975 malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a dziko lino, ndipo lamulo la malo la 1995 linasunga mfundo imeneyi. Cimene taito imapatsa munthu ndi ufulu wokhala ndi malowo kwa zaka zosapitirira 99, ndipo caka ndi caka amalipira lendi ya nthaka ku Unduna. Pogulitsana pamafunika cilolezo ca boma, wogulitsa amalipira msonkho wa kusintha umwini, ndipo wogula wanzeru amaitana wopima malo wovomerezeka kuti amusonyeze mabikoni a m'malire. M'makomboni amene boma linawavomereza motsata lamulo la 1974, monga Chawama, George ndi Chaisa, anthu ambiri ali ndi cikalata ca mtundu wina cocokera ku khonsolo, cowaloleza kukhala pa malopo zaka 30. Kunja kwa mzinda kuli malo a mafumu, monga a Mfumu Nkomeshya kum'mawa ndi a Mfumu Mungule kumpoto, ndipo wofuna taito kumeneko amayamba wapeza civomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo ya boma limenelo, nkhani isanafike kwa Komishinala wa Malo. Cinanso, madera ambiri amene ife timangoti ndi Lusaka ali pansi pa makhonsolo a Chilanga, Chongwe, Kafue kapena Chibombo. Munthu ayambe wadziwa khonsolo yake asanaononge ndalama ya basi.

Ku Civic Centre

Patapita miyezi, malo atalembedwa m'dzina la dayosizi, tinabwereranso mu Independence Avenue, koma ulendo uno tinakhotera pa Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda. Pa kapinga wa panja tinapeza akwati atsopano akujambulitsa zithunzi, popeza maukwati a boma amalembedwa pomwepo, ndipo nthungululu za apongozi zinkamveka mpaka m'makonde mmene ena anali pa mzere wolipira misonkho ya nyumba ndi malaisensi a malonda. Ife tinafunsa njira ya ku ofesi ya mapulani a mzinda.

Mkulu amene anatilandira anayala mapu pa tebulo natisonyeza puloti yathu, kadontho kakang'ono pakati pa timadontho tinzake. Anatifotokozera kuti kukhala ndi taito sikupatsa munthu ufulu womanga ciliconse cimene wafuna. Lamulo la 2015 loona za mapulani a mizinda ndi madera limafuna kuti aliyense womanga, kapena wosintha nchito ya malo, ayambe wapeza cilolezo. Malo athu analembedwa kuti ndi omangapo nyumba yokhalamo. Motero tinafunika zilolezo ziwiri: coyamba cosintha nchito ya malo kuti akhale opemphererapo, caciwiri covomereza pulani ya nyumbayo.

Pulani siijambulidwa ndi munthu wamba, ngakhale akhale mmisiri wodziwa kuyala njerwa. Imafuna katswiri wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects, ndipo popeza chalichi cili ndi denga lalikulu lopanda zipupa zapakati, pamafunikanso injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia woti awerengere maziko, mizati ndi zitsulo. Womanga naye ayenera kukhala wodziwika ku National Council for Construction. Ife tinacita mwai, popeza mwana wina wa parishi yathu, amene anali wotumikira pa guwa ali mnyamata, tsopano ndi katswiri wa mapulani, ndipo anatijambulira pa mtengo wa cibale. Pamodzi ndi mapulaniwo tinapereka fomu yopempha, kope la taito, ndi risiti yosonyeza kuti talipira ndalama yoyendera mapulani.

Pulani ikalowa, imayenda m'maofesi angapo, ndipo katswiri wathu anatiuziratu cimene ofesi iliyonse idzayang'ana. A mapulani amaona ngati nyumba yasiya mpata wokwanira kucokera ku msewu ndi ku malire, ngati siinalowe m'malo osungidwira msewu wa mtsogolo kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndiponso ngati pali poimika magalimoto. Mainjiniya amaona maziko ndi ngalande za madzi a mvula. A zaumoyo amawerenga zimbudzi poyerekeza ndi cigulu ca anthu odzasonkhana, amaona mazenera olowetsa mphepo, ndi kumene madzi oipa adzapita. Malamulo a zitsime a 2018 amafuna mamita 30 pakati pa citsime ndi cimbudzi, ndipo pa puloti yaing'ono ngati yathu mamita amenewa ndiwo anaweruza pamene chalichi cidzaime. Ozimitsa moto amafuna makomo okwanira, otsegukira kunja. Mmodzi wa ife atadabwa ndi zimenezi, katswiri anati, "Ganizani za Misa ya usiku wa Pasaka, Bambo. Anthu adzaza mpaka m'makonde, aliyense kandulo kumanja, ndipo citenje ca mai mmodzi cagwira moto. Khomo lotsegukira mkati silingatseguke anthu ataliunjikira." Palibe anafunsanso. Maofesi onse akakhutira, nkhani imapita ku komiti ya makhansala, kenaka ku msonkhano wa khonsolo yonse.

M'tauni simusowa anthu olonjeza njira yacidule. Amanong'oneza kuti adziwana ndi akuluakulu, ndipo kuti mukawapatsa kangacepe pulani idzatuluka Lacisanu. Ife tinagwirizana ciyambire kuti ndalama iliyonse yocoka m'thumba la mpingo ibwere ndi risiti yoti iwerengedwe pamaso pa akhristu Lamulungu, ndipo mfundo imeneyi inatiyankhira anthu otere tisanatsegule pakamwa.

Kalata ya mnansi

Pempho losintha nchito ya malo silibisidwa. Limalengezedwa m'nyuzipepala kuti aliyense amene aona kuti kusinthako kudzamupweteka alembe dandaulo lake nthawi isanathe. Tinayendanso khomo ndi khomo kuuza anansi, ndipo ambiri anakondwa, ngakhale amene si Akatolika. Koma ku khonsolo kunafika kalata imodzi yotsutsa. Anailemba ndi mkulu wina wopuma pa nchito ya njanji, amene mpanda wake wagundana ndi wathu.

Akhristu ena anapsa mtima, nati munthu wokana nyumba ya Mulungu sangakhale wabwino. Bambo Mfumu sanagwirizane nawo. Anati lamulo lapatsa mkuluyo ufulu wolankhula, ndipo chalichi cimene cayamba ndi kupondereza mnansi cayamba molakwika. Loweruka masana tinapita kukawaona, ndipo anatilandira pa khonde ndi ulemu wonse. Anati, "Ana anga, ine sindidana ndi mapemphero. Amai anu m'nyumbamu ndi odwala, sagona bwino. Kumene tinkakhala kale kunabwera gulu lina lopemphera ndi zokuzira mau, usiku wonse mpaka tambala, ndipo magalimoto ao ankatseka geti lathu. Naonso poyamba analonjeza zabwino. Mau a pakamwa amapita ndi mphepo. Mundilembere."

Tinawalembera. Bungwe la nthambi linagwirizana kuti sipadzakhala zokuzira mau za panja, kuti Misa za usiku zidzakhala za masiku aakulu okha monga Khrisimasi ndi Pasaka ndipo anansi adzauzidwiratu, ndi kuti geti la magalimoto lidzayang'ana ku msewu wina. Katswiri anasuntha getilo pa pulani. Bambo Mfumu anasaina, kope lina linapita ku khonsolo, ndipo mkulu uja anacotsa dandaulo lake. Masiku ano amai a Legio amapita kukaceza ndi odwala aja, ndipo mkuluyo ndiye amatisungira mafosholo ndi mawilibala m'nyumba mwake.

Kuyembekeza

Gawo lovuta la ulendo wonse linali kudikira. Makomiti amakumana pa nthawi yake, ndipo pakati pa msonkhano ndi msonkhano mtengo wa simenti ndi malata unkakwera. Lamulungu lililonse pa zolengeza tinkafunsidwa funso lomwelo. Ena ankati, "Onani anzathu, amanga usiku ndipo palibe wawagwira. Tiyeni tikumbe maziko, cilolezo cidzatipeza m'njira." Mau amenewa anali okopa, pakuti ndalama inali kucepa mphamvu tikuona.

A cheyamani anawakumbutsa zimene zinacitika ku Chingola mu Ogasiti 2022, pamene nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe zinagwetsedwa, ndipo mabanja anatsala ataima pa zigumukire za thukuta lao. Lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yoimitsa nchito, yolipiritsa, ngakhale yogwetsa nyumba yomangidwa popanda cilolezo, ndipo mtanda wa padenga suicotsa mphamvu imeneyi. Anawonjeza kuti ife amene timadandaula za katangale m'makalata a Aepiskopi athu sitingakhale oyamba kulumpha mpanda. Pofuna kuti ndalama isapitirire kufooka, tinagwirizana zogula simenti ndi kuumba mabuloko, nchito imene siifuna cilolezo, ndipo miphakati inasinthana kuthirira.

Tsiku lina, titacoka kukafunsa za pulani yathu, tinapitirira mpaka ku Pope Square. Pamalo amenewa Papa Yohane Paulo Waciwiri anacita Misa pa 4 Meyi 1989, pamene panali bwalo lopanda kanthu. Kathidralo ya Mwana Yesu imene yaima pamenepo inapatulidwa mu 2006, patapita zaka 17. Tinalowa, tinagwada pang'ono, ndipo tinakhala pa mabenchi kuyang'ana kutalika kwa denga. Mnzathu wina, amene ndi kalipentala, ankawerenga mizati capansipansi. Amai asungacuma anati ngati mai wa machalichi onse a dayosizi anadikira zaka 17, mwana wake sangalire ndi miyezi. Tinabwerera kwathu mitima itatsika.

Pamene tafika

Cilolezo cosintha nchito ya malo cinatuluka coyamba, ndipo ca pulani cinatsatira. Mapulani anabwerako ali ndi cidindo ca khonsolo pa tsamba lililonse, pamodzi ndi kalata ya mfundo zoyenera kutsata. Lamulungu lotsatira a cheyamani anaikweza m'mwamba pa zolengeza, ndipo amai anaimba nthungululu mpaka ana a m'makalasi ena anathamangira kudzaona.

Koma cidindo si mapeto a ubale wathu ndi khonsolo. Oyendera nyumba amafunika kuitanidwa pa magawo ake: pamene zingwe zamangidwa kusonyeza poima nyumba, pamene maenje a maziko akumbidwa konkire isanathiridwe, ndi pa magawo ena kufikira denga. Womanga saloledwa kusintha pulani mwa yekha, ngakhale komiti itafuna kuwonjeza kacipinda. Nyumba ikatha, khonsolo imapereka cikalata cotsiriza cosonyeza kuti anthu angathe kuyamba kuigwiritsa nchito, ndipo ndi pambuyo pake pamene tidzapempha Ambuye Arkiepiskopi kuti adzaidalitse.

Kwa abale athu a m'nthambi zina, a mu Lusaka, a ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi kwina konse, tinganene zocepa zimene taona ndi maso. Yambani ndi Bambo Mfumu ndi dayosizi. Musapereke ndalama pa malo amene simunawafufuze m'kaundula. Pitani ku maofesi muli awiri kapena atatu, ndipo lembani m'buku tsiku, ofesi ndi zimene mwauzidwa, cifukwa makomiti amasintha ndipo odzabwera pambuyo adzafuna kudziwa pamene munasiyira. Lankhulani ndi anansi nyuzipepala isanalankhule. M'bajeti yanu muikemo ndalama ya wopima malo, ya katswiri wa mapulani, ya injiniya ndi ya khonsolo, pakuti zimenezi ndi mbali ya mtengo wa nyumba monga momwe alili malata.

Pa puloti yathu tsopano pali maenje a maziko. Pokumba tinakumana ndi mwala woyera uja pasanathe mita imodzi, ndipo abambo a Yosefe Woyera anatha Loweruka zitatu akuuswa ndi nyundo zazikulu. Injiniya anati mwalawo ndi wolimba, koma anapeza mng'alu umodzi ku mbali ya guwa umene analamula kuti udzazidwe ndi konkire. Woyendera wa khonsolo anabwera, anayeza kuya kwa maenje ndi tepi yake, nasaina m'buku. Mabuloko amene miphakati inaumba aunjikidwa m'mphepete mwa mpanda, ndipo tifuna kuthira silabu mvula isanagwe. Taito yeniyeni ili ku ofesi ya dayosizi, mapulani a cidindo ali ku parishi, ndipo makope a zonse ali m'bokosi la citsulo kwa amai asungacuma. Mutikumbukire m'mapemphero anu, ndipo amene adzadutse kumadzulo kwa mzinda Loweruka m'mawa afike, fosholo yapadera ilipo.